Kulirima kwa gitala yamagetsi: phokoso limalowera pati?

Loweruka masana, m'tchalitchi cha malata, gulu loimba likukonzekera mapemphero a mawa. Woimba gitala walowetsa chingwe, wayatsa ampulifaya, ndipo asanakhudze n'komwe nsambo, sipika yayamba kale kulira mawu amodzi okhuthala, osakwera osatsika, ngati bemberezi amene akuboola mtanda wa denga. Akagwira nsambo phokoso likuchepako, akachotsa dzanja likubwerera. Wa kiyibodi akuti chingwe chatha, woyang'anira mikisa akuti sipika yang'ambika, pomwe mnyamata wina wathamangira kale kukabwereka pulayala kuti athyole mwendo wachitatu wa pulagi, poti anamva kuti kwinakwake anachita zomwezo phokoso n'kutha. Awiri oyambawo akhoza kulakwitsa popanda wina kuvulala. Wachitatuyo ayenera kulandidwa pulayalayo msanga, ndipo chifukwa chake chioneka kutsogoloku.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti mawu oti phokoso amaphimba zinthu zingapo zomwe magwero ake ndi osiyana kwambiri. Pali kulirima, komwe ndi mawu apansi okhazikika ngati a bemberezi uja. Pali phokoso lakuthwa, lolasa m'khutu ngati la nyenje m'nyengo yotentha. Pali kuthetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, komwe kumabwera wina akagwedeza chingwe kapena akapotokola voliyumu. Palinso kuwaza kosalekeza, kofanana ndi mvula yamawawa pa malata. Lililonse mwa maphokoso amenewa lili ndi khomo lake lolowera, ndipo ntchito yonse yothetsa vutoli yagona pa kupeza khomolo, osati pa kugula zipangizo zatsopano mwachimbulimbuli.

Tiyambe ndi kuchotsapo phokoso lomwe magetsi alibe nalo mlandu. Ngati gitala ikulira ngati nyenje pa manotsi ena okha, munthu azimitse ampulifaya n'kuimba chomwecho. Phokoso likamvekabe, ndiye kuti nsambo ikugunda tizitsulo ta pakhosi pa gitala, timene oimba amati ma fret, mwina chifukwa nsambo zatsitsidwa kwambiri kapena khosi lapindika ndi kusintha kwa nyengo. Nthawi zina limangokhala bawuti lomasuka pa zokungira nsambo, kapena pepala la sipika long'ambika lomwe limanjenjemera pa mawu apansi okha. Zimenezi ndi za sikuludiraiva ndi sipanala, ndipo tizisiye pomwepa.

Kulirima kwenikweni kumachokera ku magetsi a m'nyumba. Magetsi amenewa sayenda njira imodzi ngati madzi m'paipi, koma amapita n'kubwerera, ka 50 pa sekondi iliyonse ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa, ku Britain ndi ku Ulaya konse, pomwe ku United States ndi ku Canada amatero ka 60. Liwiro limeneli limatsatira kuzungulira kwa makina opukusa magetsi, omwe kwathu kuno akuluakulu ake ali pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, kotero kuti mawu amene akumveka m'sipika ya m'tchalitchi muja ndi kayendedwe ka makina a kutaliko. N'chifukwa chake kulirimaku kuli ndi notsi yake. Mawu a 50 Hz, ndiko kuti onjenjemera ka 50 pa sekondi, ali pamwamba pang'ono chabe pa G wapansi wa gitala ya besi, amene ali pa 49 Hz, ndipo mawu a 100 Hz, omwe tiwapezanso kutsogoloku, ali pamwamba pang'ono pa G wa pa fret yachitatu ya nsambo yaikulu ya gitala wamba, amene ali pa 98 Hz. Kusiyana kwakung'onoko n'komwe kumapweteka, chifukwa nyimbo ya mu G imamveka ngati pali munthu wina pakona amene akuimba nawo mosemphana ndi anzake, ndipo sakupuma. Mabuku a ku America amanena za 60 chifukwa cha magetsi a kwawo, koma vuto ndi lomweli.

Khomo loyamba ndi pickup, kachipangizo kokhala pansi pa nsambo komwe kamasandutsa kunjenjemera kwa nsambo kukhala magetsi. M'kati mwake muli maginito okulungidwa ndi waya wa mkuwa wopyapyala ngati tsitsi, wozungulizidwa pafupifupi ka 8,000 pa pickup ya gitala ya mtundu wa Stratocaster. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginitowo, imasokoneza mphamvu yawo, ndipo kusinthasintha kumeneko kumabala timagetsi tochepa m'waya wozungulizidwa uja, wotchedwa koyilo. Lamulo limeneli analitulukira Michael Faraday mu 1831, ndipo George Beauchamp analigwiritsa ntchito pa gitala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Chofooka chake chili m'lamulo lomwelo. Koyilo ilibe nzeru zosiyanitsira mphamvu ya maginito yosinthidwa ndi nsambo ndi mphamvu ya maginito yotuluka m'thiransifoma ya ampulifaya, m'mota ya firiji kapena m'nthambo zodutsa m'khoma. Imalandira zonse mofanana, ndipo ampulifaya, yomwe ntchito yake ndi kukuza chilichonse chomwe yapatsidwa, imakuza nyimbo ndi phokoso limodzi.

Kudziwa ngati phokoso likulowera pakhomo limeneli n'kosavuta. Woimba atsitse voliyumu ya pagitala mpaka pansi, ndipo ngati kulirima kwatheratu, ndiye kuti kumalowera m'gitalamo. Kenako akweze voliyumu, aimirire n'kumazungulira pang'onopang'ono pamalo amodzi atanyamula gitala. Adzamva kulirima kukukula akayang'ana mbali ina, n'kuchepa kwambiri akayang'ana mbali inanso, popeza koyilo imakola mphamvu ya maginito malinga ndi mmene yalozera. Mphamvuyi imafookanso msanga munthu akamatalikira gwero lake, moti kungosuntha mapazi awiri kapena atatu kuchoka pa ampulifaya kumathandiza kuposa zinthu zambiri zogula ndi ndalama. Chizolowezi chokhalira ampulifaya ngati mpando, chomwe n'chofala pokonzekera nyimbo, chimaika pickup pafupi penipeni ndi thiransifoma, pamalo poipitsitsa m'chipinda chonse.

Opanga magitala analimbana ndi vutoli kalekale. Seth Lover, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Gibson, analembetsa mu 1955 pickup ya makoyilo awiri yomwe inadziwika ndi dzina loti humbucker, ndipo inayamba kuikidwa pa gitala za Les Paul mu 1957. Ray Butts anapanga yofanana nayo ya kampani ya Gretsch m'zaka zomwezo. Nzeru yake ndi yokongola. Makoyilo awiriwo amalumikizidwa motembenuzana, ndipo maginito a pansi pawo amakhalanso otembenuzana. Kulirima kochokera kunja kumafika pa makoyilo onse mofanana, koma poti makoyilowo ndi otembenuzana, zomwe ina yakola zimafafaniza zomwe inzake yakola. Mawu a nsambo amatembenuzidwa kawiri, koyamba ndi maginito, kachiwiri ndi koyilo, choncho amabwerera m'malo mwake n'kuphatikizana. Komabe pali chomwe chimatayika. Humbucker imatulutsa mawu onenepa, ofunda, pomwe pickup ya koyilo imodzi, yotchedwa single-coil, imatulutsa mawu owala, othwanima, ofanana ndi amene oimba rumba ndi sungura amawafunafuna. N'chifukwa chake Telecaster ndi Stratocaster za Fender, zomwe zinatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, zikugulidwabe ndi kulirima kwake komwe. Pa Stratocaster zambiri zamakono, pickup yapakati imakulungidwa motembenuza dala, kotero kuti swichi yosankhira ma pickup ikaikidwa pamalo achiwiri kapena achinayi, pomwe ma pickup awiri amalira limodzi, kulirima kumazimiririka. Gitala yomwe ili chete pamalo awiriwa koma ikulirima pa atatu enawo sinawonongeke ayi, inapangidwa choncho.

Khomo lachiwiri ndi losiyana, ngakhale anthu amalisokoneza ndi loyamba. Kupatula mphamvu ya maginito, nthambo ndi zipangizo zamagetsi zimamwazanso mphamvu ina mumpweya yomwe imakoledwa ndi waya aliyense wosatetezedwa, ndipo imeneyi ndi imene imabala phokoso lakuthwa la nyenje lija. Magwero ake odziwika ndi machubu ounikira aatali, mababu otchipa a LED, maswichi ochepetsera kuwala, matchaja a foni ndi a laputopu. Zipangizo zimenezi zimadula magetsi mwadzidzidzi kambirimbiri, ndipo kudula kotero kumabala mawu apamwamba ochuluka osanjikizana pa 50 uja. Apa ndi pamene thupi la woimba limalowerera m'nkhani. Thupi la munthu limadutsa magetsi, choncho limakola phokosoli ngati mlongoti wa wailesi n'kulithira m'mawaya a gitala yomwe yatsamira pamimba. Pofuna kuthana ndi zimenezi, opanga magitala amaika waya wochokera pa chitsulo chogwira nsambo kumunsi, chotchedwa bridge, kupita kumsana kwa voliyumu, n'kupitirira ku jeki (bowo lolowetsamo chingwe), ku chingwe, mpaka ku chitsulo cha ampulifaya ndi ku earth ya nyumba, waya wopita m'nthaka womwe umalumikizidwa kudzera pa mwendo wachitatu wa pulagi. Woimba akagwira nsambo, thupi lake limalumikizidwa ku earth, ndipo limasiya kuthira phokoso n'kukhala ngati chotchinga.

Kuchokera pamenepa, kugwira nsambo kumasanduka njira yoyezera. Phokoso likachepa nsambo zikagwidwa, waya wa bridge uja ali bwino, ndipo chomwe chikusowa ndi chitetezo cha mawaya a m'mimba mwa gitala. Ambiri amaganiza mosemphanitsa, kuti kuchepa kwa phokosoko ndi chizindikiro choti earth yaduka, n'kuyamba kuwotcherera mawaya owonjezera omwe sathandiza kanthu. Phokoso likapanda kusintha nsambo zikagwidwa, koma n'kuchepa munthu akagwira chitsulo cha jeki, ndiye kuti waya wa bridge ndi amene waduka kapena wamasuka. Phokoso likakula mwamphamvu nsambo zikagwidwa, pafupifupi nthawi zonse mawaya awiri a pa jeki anasinthanitsidwa ndi munthu amene anakonza komaliza, moti thupi la woimba lalumikizidwa ku waya wonyamula mawu. Kachipangizo koyezera magetsi kotchedwa multimeter, kakaikidwa polira mbali ziwiri zikalumikizana, kamathetsa mkangano m'kanthawi kochepa: nsonga imodzi pa nsambo, ina pa nati ya jeki, ndipo kakalira, waya uja ndi wolumikizika bwino. Gitala za ma pickup oyendera batire, monga a EMG, kawirikawiri sizikhala ndi waya wa bridge ameneyu, ndipo pa izo kusalirako si vuto.

Mankhwala a khomo lachiwirili ndi kumata m'mphako zonse za gitala, momwe mumakhala mawaya ndi maswichi, ndi tepi ya mkuwa kapena penti yodutsa magetsi, pamodzi ndi kunsi kwa chivundikiro chake, kuti mawaya akhale m'kabokosi kachitsulo kotsekeka. Zidutswa zonse ziyenera kugwirana, ndipo chonsecho chiyenera kulumikizidwa ku earth ya gitala, apo ayi mkuwawo umangokhala mlongoti wina wowonjezera. Pafunikanso kusamala kuti usakhudze timiyendo ta swichi kapena ta jeki tonyamula mawu, chifukwa ukatero gitala imangoti zii. Chomwe chimakhumudwitsa ambiri n'chakuti atagwira ntchito yonseyi, nyenje imachoka koma bemberezi amatsala. Mkuwa wopyapyala sutchinga mphamvu ya maginito ya 50 Hz, ndipo pickup ya koyilo imodzi ipitiriza kuikola ngakhale gitala yonse itakutidwa.

Chingwe chimapatsidwa mlandu kawirikawiri, ndipo nthawi zina chimakhaladi nawo. Chingwe cha gitala chili ndi waya mmodzi pakati, wozunguliridwa ndi ulusi wa mkuwa wolukidwa womwe umamuteteza. Chingwe cha sipika chili ndi mawaya awiri okhuthala oyandikana, opanda chitetezo chilichonse. Tsoka lake n'lakuti zonse ziwiri zimatha kukhala ndi mitu yofanana ya mamilimita 6.35, ndipo m'thumba la zingwe za gulu loimba zimasakanikirana mosavuta. Kupotokola chivundikiro cha mutu n'kusuzumira m'kati kumaonetsa kuti chingwe ndi chamtundu wanji. Chingwe chikatalika kupitirira mamita 6 chimayamba kudya kuwala kwa mawu ndi kukola phokoso lochuluka, popeza magetsi otuluka mu pickup ndi ofooka kwambiri. Kuthetheka kumachokera pa malo olumikizira omasuka kapena akuda: nati ya jeki ikamasuka, jeki imazungulira nthawi iliyonse chingwe chikalowa, mpaka mawaya a m'kati amapotana n'kuduka. Voliyumu yothetheka imakhala kuti yalowa fumbi, ndipo imatsukidwa ndi mankhwala opopera opangidwira zamagetsi, osati mafuta a makina, omwe amangoitana fumbi lina.

Zonsezi zimafuna dongosolo pofufuza, ndipo dongosolo lake ndi kuyambira kumapeto n'kumabwerera chakumbuyo. Ampulifaya iyatsidwe yokha, popanda chingwe chilichonse cholowa. Ma ampulifaya ambiri ali ndi jeki yomwe imadzitseka yokha ikakhala yopanda kanthu, choncho yabwinobwino iyenera kukhala pafupifupi chete. Ikakhala chete, gitala ilumikizidwe mwachindunji ndi chingwe chimodzi chodziwika kuti n'chabwino. Chingwe cholowetsedwa mu ampulifaya mbali imodzi, mbali ina ili lende pansi, chimalira nthawi zonse, ndipo kulira kumeneko sikutsimikiza kanthu. Kenako zipangizo zina zibwezeredwe chimodzichimodzi, n'kumamvetsera pa sitepe iliyonse. Magetsi ounikira azimitsidwe, matchaja azulidwe, ndipo ngati n'kotheka zipangizo zinyamulidwe kukayesedwa m'nyumba ina, chifukwa gitala yolirima m'holo imodzi koma yodekha kwina ikuloza chala ku nthambo za holoyo. Kusintha zinthu ziwiri nthawi imodzi ndiko kumataya anthu, popeza phokoso likatha sadziwa chomwe chathandiza, ndipo sabata yamawa amayambiranso poyamba.

Timabokosi topondedwa ndi phazi, totchedwa ma pedal, timabweretsa khomo lawolawo kudzera mu adaputa. Ambiri amayendera mavolti 9, ndipo adaputa yotchipa ya pamsika imatha kupereka mavolti amenewo koma osasefedwa bwino, otsala ndi mafunde a magetsi a m'nyumba. Mayeso ake ndi batire: pedal ikakhala chete pa batire koma n'kumalira pa adaputa, wolakwa wapezeka. Kudyetsa ma pedal ambiri ndi adaputa imodzi pa chingwe chanthambi kumayenda bwino mpaka pamene pakati pawo palowa pedal ya digito, yomwe imathira kaphokoso kake kosongoka m'chingwe chodyera limodzi. Yoteroyo imafuna adaputa yakeyake, kapena bokosi la magetsi lomwe zotulukira zake n'zolekanitsidwa. Pogula adaputa munthu ayang'anenso kuti ma pedal ambiri, kutsatira mwambo wa kampani ya Boss, amafuna kuti chapakati cha pulagi chikhale negative, mosiyana ndi zipangizo zambiri za m'nyumba. Amene amajambula nyimbo pa laputopu ali ndi mayeso ofanana: azule tchaja, laputopu iyendere batire, amvetsere.

Khomo lovuta kulimvetsa ndi lomwe amisiri amalitcha ground loop. Tiyerekeze kuti ampulifaya ya gitala yalumikizidwa pa soketi ya kuguwa, mikisa ili pa soketi ya kumbuyo kwa tchalitchi, ndipo pali chingwe chotenga mawu kuchokera ku ampulifaya kupita ku mikisa. Zipangizo ziwirizi tsopano zalumikizana kawiri, kudzera mu earth ya m'khoma komanso kudzera m'chitetezo cha chingwe cha mawu, ndipo njira ziwirizo zapanga mkombero waukulu wa waya. Earth ya soketi ziwiri zotalikirana siikhala pamlingo umodzi ndendende, ndiponso mkomberowo umakola mphamvu ya maginito ngati koyilo yaikulu, choncho timagetsi timayenda m'chitetezo cha chingwe n'kusakanikirana ndi mawu. Chizindikiro chake n'choonekeratu: chipangizo chilichonse pachokha chili chete, kulirima kumabwera zikalumikizidwa, ndipo voliyumu ya pagitala siikusintha kanthu. Chithandizo choyamba ndi kudyetsa zipangizo zonse zoimbira kuchokera pa soketi imodzi, malinga ngati soketiyo ingakwanitse katunduyo. Chachiwiri ndi kabokosi kotchedwa DI box, komwe kali ndi thiransifoma yaing'ono yodutsitsa mawu popanda kulumikiza zitsulo, pamodzi ndi swichi yolembedwa ground lift. Swichi imeneyi imadula earth ya m'chingwe cha mawu yokha, ndipo siikhudza earth ya magetsi a m'khoma.

Tsopano tibwerere kwa mnyamata wa pulayala uja. Zimene anamva si zabodza kwenikweni: kuthyola mwendo wa earth kumadula mkombero, ndipo kulirima kwa ground loop kumathadi. Koma taona kale kuti nsambo zomwe woimba wagwira n'zolumikizidwa ku chitsulo cha ampulifaya. Waya wa live, wonyamula magetsi, akamasuka m'kati n'kukhudza chitsulocho, earth imapereka njira yachidule yoti magetsi ambiri adutse nthawi imodzi, fyuzi n'kupsa, zonse n'kuzima. Earth ikachotsedwa, fyuzi siipsa, ampulifaya imapitiriza kuimba bwinobwino, ndipo nsambo zimakhala ndi mavolti 230 kudikirira njira yopitira pansi. Njira imeneyo imakhala woimba, pamene mlomo wake wakhudza maikolofoni yolumikizidwa ku mikisa, kapena pamene waima wopanda nsapato pa simenti yonyowa. Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafa ndi magetsi pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni yomwe inalibe earth yoyenera, ndipo Keith Relf, amene anali wa gulu la Yardbirds, anafa kunyumba kwake mu 1976 akuimba gitala yamagetsi yomwe earth yake sinali bwino. Kunyerenyesa kwa pamlomo munthu akayandikira maikolofoni atagwira nsambo, komwe oimba ena amangokuseka n'kuvindikira maikolofoni ndi kansalu, ndi chenjezo loti zonse zizimitsidwe mpaka mmisiri wa zamagetsi ataona.

Kwathu kuno earth imasowa ngakhale popanda woithyola. Soketi zathu ndi za mabowo atatu monga za ku Britain, koma zipangizo zambiri zimabwera ndi mapulagi a miyendo iwiri omwe anthu amawakakamiza kulowa potsegula bowo lapamwamba ndi kamtengo, ndipo ena mwa mapulagi amenewa ali ndi earth ya m'mbali yomwe siikhudza kanthu m'soketi zathu. Ine ndinatsegulapo ekisitenshoni yooneka bwino, ya mabowo atatuatatu, yomwe gulu lina linkadyetsera zipangizo zake zonse, n'kupeza kuti m'chingwe chake munali mawaya awiri okha, ndipo tizitsulo ta earth tinali tongokongoletsa. Pali nyumba zinanso zomwe bowo la earth m'soketi silinalumikizidwe kulikonse. Ampulifaya yopanda earth imalira phokoso lakuthwa lomwe limasintha munthu akangokhudza chitsulo chake, choncho pano chitetezo cha moyo ndi kudekha kwa mawu zimafuna chinthu chimodzi. Gulu loimba m'malo osiyanasiyana lingachite bwino kukhala ndi kachipangizo kodula magetsi kotchedwa RCD, ka 30 mA, komwe kamazimitsa magetsi akangoyamba kuthawira njira yolakwika. Ma ampulifaya akale a ku America a mapulagi a miyendo iwiri ali ndi vuto lawo lapadera, capacitor (kachipangizo kosunga magetsi) yolumikiza magetsi ku chitsulo cha bokosi, yomwe amisiri anaipatsa dzina loti death cap, ndipo amaichotsa poika chingwe cha mawaya atatu.

Magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, phokoso limasintha khalidwe. Jenereta yaing'ono siisunga liwiro lokhazikika, moti notsi ya kulirima imatsika katundu akachuluka n'kukweranso akachepa, ndipo pa ukwati wa panja earth imakhalapo pokhapokha mmisiri ataikonza dala. Ma inveta otchipa a sola ndi oipirapo pa nkhani ya mawu, chifukwa m'malo mwa mafunde osalala amatulutsa magetsi odumpha ngati masitepe, ndipo ngodya zakuthwazo zimalowa m'chipangizo chilichonse ngati phokoso la nyenje lomwe tepi ya mkuwa siingalithetse. Inveta yolembedwa pure sine wave ndi imene imayenera zipangizo zoimbira.

Ampulifaya ikamalirima yokha popanda cholumikizidwa, ndipo soketi ndi yabwino, vuto lili m'kati. Ampulifaya imasandutsa magetsi opita n'kubwerera kukhala oyenda njira imodzi, ndipo pochita zimenezi pamatsala mabampu 100 pa sekondi, omwe amasalazidwa ndi ma capacitor akuluakulu. Ma capacitor amenewa ali ndi madzi m'kati omwe amauma ndi zaka komanso ndi kutentha, ndipo akauma mabampu aja amamveka m'sipika. Apa notsi ija imathandiza: kulirima kofanana ndi G wa pa fret yachitatu ya gitala wamba, kosamvera voliyumu, kukuloza ku ma capacitor, pomwe kulirima kwapansi kwambiri, kwa 50 Hz, kukuloza kwina. M'ma ampulifaya a ma valve (timababu tagalasi tokuza mawu), kwinako kumatha kukhala mawaya a mavolti 6.3 otenthetsera ma valve, valve yotopa, kapena ma valve awiri akuluakulu omwe sakukoka mofanana. Valve yaing'ono monga 12AX7 ikayamba kukola kugwedezeka ngati maikolofoni, imadziulula ikagogodedwa pang'ono ndi pensulo, chifukwa kugogodako kumamveka m'sipika. Kupitirira pamenepa si pa munthu wongophunzira. Ma capacitor a ampulifaya ya ma valve amatha kukhala ndi mavolti oposa 400, ndipo amatha kuwasungabe pulagi itazulidwa kale.

Kuwaza kwa mvula yamawawa kuja kumakhalapo m'chipangizo chilichonse chamagetsi, ndipo kumakula ndi gain, mlingo womwe chipangizo chikukuzira mawu olowa. Pedal ya distortion kapena compressor siilenga phokoso lambiri payokha, koma imakweza mawu ofooka kuti afanane ndi amphamvu, choncho kulirima komwe sikunkamveka kumasanduka mkokomo woimba akangosiya kuimba. Noise gate imatseka mawu akatsika kufika pamlingo wina, ndipo imathandiza pakati pa manotsi, koma phokoso limakhalabe pansi pa nyimbo, ndipo ikakhwimitsidwa kwambiri imadula mchira wa notsi isanathe yokha. Ine ndimaiona ngati chinthu chogula pomaliza, makomo ena onse atatsekedwa. Foni ya m'thumba nayo ili ndi kaphokoso kake kodukizadukiza, komwe pa netiweki ya GSM kamabwera ka 217 pa sekondi, ndipo kamamveka foni isanalire n'komwe. Mankhwala ake ndi kuichotsa m'thumba lomwe latsamira gitala.

M'tchalitchi muja, zinthu zitachotsedwa chimodzichimodzi, panapezeka zolakwika zitatu zosanjikizana: ekisitenshoni inalibe earth, chingwe cha gitala chinali cha sipika, ndipo chubu chounikira cha pamwamba pa guwa chinkaphethira. Zitatuzi zitakonzedwa, phokoso lakuthwa linatha, koma kulirima kwapansi kunatsalako pang'ono, popeza gitalayo inali ya ma pickup a koyilo imodzi. Woimba anasuntha ampulifaya mapazi atatu, anapeza mbali yoyang'ana pomwe bemberezi amachepa, ndipo anazolowera kusiya swichi pamalo achinayi pa nyimbo zofatsa. Mlaliki akaimirira, chala chaching'ono cha dzanja lamanja chimapita pa voliyumu ya gitala n'kuitsitsa mpaka pansi.